Zilembo zikachepa pa foni, lekani kukoka sikirini ndi zala

Chigwere mvula yoyamba ndakhala ndikuyendera makalabu a alimi ku Lunzu, ku Lirangwe ndi ku Chileka, ndipo pali chinthu chimodzi chomwe chikundiwawa. Ambiri tinawaonetsa kale kabatani kotchedwa Reader ka pa browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti), kamene kamachotsa zotsatsa malonda ndi timavidiyo, n'kutsala nkhani yokhayokha. Kudina akudina ndithu. Koma akaona kuti zilembo zatuluka zing'onozing'ono ngati nyerere, amangoti "izi si za maso anga", n'kubwerera ku tsamba lakale lodzaza zinyalala lija, n'kuyamba kulikoka ndi zala ziwiri kuti likule.

Chizolowezi chimenechi chatikwana. Ukakoka tsamba ndi zala, mzere wa mawu sukwananso pa sikirini. Umawerenga theka, kukankhira kumanzere, kuwerenga theka linalo, kubwerera kumanja, ndipo pobwererapo diso limatera pa mzere wina. Nkhani ya mpira ungaiwerenge choncho, palibe chitayike. Koma malangizo a ulimi ndi manambala okhaokha, ndipo nambala ikasochera pa mzere womwe si wake, zotsatira zake zimakaonekera kumunda.

Sabata yatha bambo wina wa ku Lunzu ananditengera kumunda kwawo kuti ndikaone chimanga. Chamera bwino, chobiriwira, koma chatalikirana moti mbuzi ingadutse pakati osakhudza tsamba. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, mapandowa munayeza bwanji?" Iwo anati, "Alangizi, ndinatsata zomwe ndinawerenga pa foni, masentimita 75, mbewu imodzi pa phando." Anatulutsa foniyo m'thumba la jekete, galasi lake losweka pakona, n'kundionetsa mmene amawerengera: chala chachikulu ndi chamkombaphala kukoka, kukankha, kukokanso. Nkhaniyo inalembedwa bwinobwino. Masentimita 75 ndi a pakati pa mizere, pomwe pakati pa mapando ndi 25. Diso lawo linadumpha mzere umodzi basi.

Tawerengerani nokha. Mukabzala 75 kwa 25, mbewu imodzi pa phando, hekitala imatenga mapesi oposa 53,000. Mukabzala 75 kwa 75 ndi mbewu imodzi yomweyo, mapesi safika ngakhale 18,000. Munda womwewo, kulima komweko, aganyu olipidwa chimodzimodzi, koma magawo awiri mwa atatu a chimanga palibe. Kupalira kwachulukanso, chifukwa malo otseguka aja udzu wapezapo ufulu. Bambowo anangogwira chibwano, osayankhula. Ine zinandipweteka kwambiri chifukwa vutoli likanatha ndi kudina kawiri kokha.

Ndipo si zachilendo izi ayi. Safari, browser ya Apple, inayamba kukhala ndi Reader mu 2010, ndipo browser ina ya Firefox inabweretsa yake yotchedwa Reader View pa kompyuta mu 2015. Zaka zonsezi kabatani kosinthira zilembo kali pomwepo, koma anthu amakaopa ngati kaphulitsa foni. Achinyamata, inu amene mumathera tsiku lonse pa WhatsApp ndi Facebook, mukulephera bwanji kuwakonzera makolo anu chinthu cha mphindi imodzi? Ubwino wa kukulitsa zilembo mkati mwa Reader ndi wakuti mawu amadzikonza okha kuti akwane pa sikirini. Mzere ukatha, wotsatira uli pansi pake pomwepo. Ntchito yanu ndi kutsitsa tsamba basi.

Cholakwika china chomwe chimayendera limodzi ndi ichi ndi cha mtundu wa tsamba. Madzulo magetsi akazima, munthu ali mumdima wa bii koma sikirini ili mbee, misozi ili chuchuchu, mutu n'kuyamba kuwawa, nkhani osaimaliza. Usiku sankhani tsamba lakuda kapena lofiirira lija amalitcha sepia. Masana kumunda, dzuwa lili phwee, bwererani ku loyera, chifukwa lakuda limangokuonetsani nkhope yanu pagalasi. Ena amati lakuda limasunga batire. Zimenezo n'zoona pa mafoni a sikirini ya OLED, koma mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi LCD, yomwe nyale yake yakumbuyo imayakabe kaya tsamba ndi lakuda kaya loyera. Pa amenewo chepetsani kuwala kwa sikirini ngati mukufuna batire ikufikitseni mawa. Musayembekezenso kuti Reader ikubwezerani bandulo, popeza tsamba limayamba latsika kaye kenako n'kuyeretsedwa.

Kachitidwe kake nkosavuta. Pa Firefox, dinani kachizindikiro kooneka ngati pepala pomwe pamalembedwa adiresi ya tsamba, ndipo pa kompyuta ya Windows batani la F9 limachita zomwezo. Mukalowa, pezani posinthira maonekedwe, pamene pali Aa, muwonjezere kukula kwa zilembo mpaka muziwerenga foni ili patali ngati mmene mumagwirira nyuzipepala. Pa iPhone ndi mu Safari, pambali pa adiresi pomwepo. Pa Edge ya pa kompyuta amaitcha Immersive Reader. Pa Chrome yang'anani Reading mode mu menyu, kapena Simplified view pansi pa Accessibility ngati foni ndi yakaleko. Pomwe pali mwayi wotalikitsa mizere, italikitseni pang'ono. Nthawi zina Reader imataya matebulo ndi zithunzi, choncho ngati nkhani ikunena za mlingo wa mankhwala kapena feteleza ndipo tebulo silikuoneka, bwererani ku tsamba lenileni mukalione, kenako mufananitse ndi zomwe zalembedwa pa botolo kapena pa thumba.