Kuyenda ndi ana m'matope a dzinja kuno ku Dedza

Anzanga ambiri mvula ikangoyamba amatsekera ana m'nyumba mpaka Epulo. Ine sinditero. Loweruka kukacha bwino ndimatenga anga atatu, wa zaka 7, wa zaka 4 ndi wakumsana, n'kuyenda wapansi kupita kwa agogo awo kufupi ndi phiri la Chongoni. Matope timabwera nawo ndithu, koma ulendowo umafuna kuukonzekera.

Nyamukani m'mamawa, chifukwa mvula ya dzinja imakonda kugwa masana. Ndisanatseke chitseko ndimayang'ana kuphiri, ndipo ndikaona mtambo wakuda bii kapena kumva kugunda, tsiku limenelo timakhala pakhomo. Mukakumana nayo panjira, pemphani malo pakhonde la nyumba iliyonse. Pansi pa mtengo ayi, mphezi imagwera pomwepo.

Kuno n'kokwera, boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600, choncho mwana wonyowa sachedwa kunjenjemera. M'jumbo ndimaikamo majuzi ouma, chitenje chapadera, botolo la madzi owiritsa ndi mbatatesi yophika. Avekeni zovala zakutha zomwe simudandaula nazo.

Za nsapato ndiye ndinene motsindika. Patapata musayerekeze, amakanirira m'matope n'kuduka pa mtunda woyamba womwe. Majombo ndi abwino akakhala omukwana mwana. Ndinagulapo aakulu kuti akule nawo, ndipo jombo imodzi inatsala m'dambo mwana atatulukamo ndi sokosi yokha. Osavala kanthu ayinso, muli minga, komanso njoka zina za m'mimba zimalowera pakhungu la kuphazi.

Matope sali amodzi. Katondo, dothi lofiira lija, amaterera ngati therere, makamaka potsetsereka. Pamenepo pondani pa udzu wa m'mbali mwa njira, mwana mumugwire pamkono osati zala, ndipo inuyo mukhale kumunsi kwake. Makande akuda a m'dambo samaterera kwambiri koma amamata, nsapato n'kulemera mpaka mwana kuyamba kulira kuti watopa. Mupatseni kamtengo azipalira yekha, kulirako kumatha. Ndipo auzeni asathawire matope m'mizere ya eni, chimanga chothyoledwa chimadanitsa anthu.

Pamtsinje m'pamene sindichita zamasewera. Madzi akakhala ofiirira, atanyamula zinyalala ndi timitengo, ndiye kuti kumtunda yagwa, ngakhale pamene mwaimapo pali dzuwa. Bwererani. Akakhala ochepa, wolotsani mwana mmodzimmodzi, ena akhale pansi kutali ndi gombe. Pa ulalo wa mitengo wa zaka 4 uja ndimachita kumunyamula, wakumsana nditamumanga kawiri. Tizithaphwi ta panjira ndimawalola kudumphamo, koma maiwe a m'dambo ndimakaniza, poti nkhono zofalitsa likodzo zimakhala m'madzi odekha otere.

Musawathamangitse. Ulendo womwe ndekha ndimayenda ola limodzi, ndi iwo umatenga awiri, chifukwa bongololo aliyense amafuna kumuona akudzipinda. Inu maso anu akhale pa linthumbu. Mukaona mzere wake wadutsa njira, adumphitseni msanga, akaima pomwepo muvula mwana zovala zonse. Bowa aloze ndi chala basi. Wozula ndi agogo, amene amasiyanitsa utale ndi wakupha.

Masiku ena timakhotera ku Chencherere kukaona zojambula za pamiyala. Dera la Chongoni lili ndi malo otere 127, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira anajambula Akafula, zoyera makolo athu Achewa. Ana amafika manja ali matope okhaokha ndipo amafuna kukhudza. Ndimawauza aike manja kumbuyo tisanafike pathanthwe.

Tikafika, agogo amatichingamira akuti, "Mwandivutitsiranji adzukulu anga m'matope muno?" koma madzi amakhala atatereka kale. Anawo asambitseni madzi ofunda ndi sopo, muyang'ane pakati pa zala za kuphazi ngati pali chilonda kapena munga, muwaveke majuzi aja. Majombo muwatsuke matope asanaume, muwazondotse pa timitengo pafupi ndi moto. Ikakhala Malichi, agogo amakhala akuwotcha dowe.