Zulani mausi, muyese nokha tsamba la laibulale yanu

Anzanga a m'malaibulale a kuno ku Zomba, kaya muli ku Chanco, ku Domasi kapena ku National Archives, nkhani ya masitepe ovuta kukwera pa njinga ya olumala timaidziwa tonse. Koma owerenga ambiri masiku ano amayamba kutipeza pa intaneti, ndipo kumenekonso ena timawatsekera kunja osadziwa.

Mawa m'mawa yesani izi. Zulani mausi pa kompyuta, ikani NVDA, pulogalamu yaulere yowerenga mokweza zimene zili pa sikirini, ndiye mufufuze buku lina lake pa tsamba la pa intaneti la laibulale yanu pogwiritsa ntchito mabatani a Tab ndi Enter basi. Wophunzira wosaona amayenda chonchi tsiku ndi tsiku. Mukamva ikungoti "graphic" kapena "button" osanena kuti n'chiyani, dziwani kuti chithunzicho kapena batanilo likufunika mawu ochepa olifotokoza, aja amati alt text. Ndipo "dinani apa" sathandiza munthu. Lembani kuti "mabuku atsopano a mwezi uno".

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ma PDF ojambula pa sikana. Ndinakhalapo pafupi ndi mtsikana wina atavala mahedifoni, mayeso atayandikira. Anatsegula pepala la mayeso akale, makina aja angoti zii. Kwa ife linali pepala lodzaza mafunso, kwa iye chithunzi chabe. Anadikira mnzake mpaka madzulo kuti amuwerengere. Chonde, musanaike pepala pa tsamba, lidutsitseni mu OCR, pulogalamu yosandutsa chithunzi cha pepala kukhala mawu, kuti zilembo zizindikirike, kenako mulikonze ndi maso, chifukwa mawu a Chichewa OCR imawasokoneza kawirikawiri. Ngati fayilo ya Word ilipo, ikani imeneyo. Dziko lathu linalowa m'pangano la Marrakesh mu 2017, lomwe cholinga chake n'chakuti osaona apeze mabuku m'njira yoti angathe kuwerenga.

Musaiwale abale athu achialubino ndi agogo omwe maso ayamba kuchita chifunga. Zilembo zotuwa pa malo oyera sizioneka. Malangizo a WCAG, othandiza kuti olumala azitha kugwiritsa ntchito masamba a pa intaneti, amati kusiyana kwa mtundu wa zilembo ndi wa malo amene zalembedwapo kukhale 4.5:1 kapena kuposa. Mavidiyo akhale ndi mawu olembedwa pansi kuti osamva atsatire. Zithunzi zikuluzikulu chepetsani, zimangomaliza bandulo ya mwana wa sukulu.

Mukakonza, itanani wowerenga wosaona adzayese pa foni yake ndi TalkBack, pulogalamu yowerenga mokweza ya pa mafoni a Android. Inu khalani pambali ndi kope, osamugwira dzanja, muzingolemba paliponse pamene waima.