Musanalonjeze masiku 7, yesani ndondomeko yanu pa UPPAAL

Ku SACCO ina yomwe ndinagwirako ntchito tinkauza mamembala kuti akapempha ngongole adzamva yankho pasanathe masiku 7. Pachithunzi cha BPMN (njira yojambulira kayendedwe ka ntchito ndi mabokosi ndi mivi) chomwe tinajambula zonse zinkaoneka zosalala: fomu ifika, mlembi aiunika, wina akayendera chikole, komiti igamula. Koma mivi ya pachithunzi siiwerenga masiku, ndipo madandaulo sankatha.

Chida chomwe chinanditsegula maso ndi UPPAAL, pulogalamu ya mayunivesite a Uppsala ku Sweden ndi Aalborg ku Denmark, yomwe inatuluka mu 1995. Imayendera ma timed automata, omwe Rajeev Alur ndi David Dill anawafotokoza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mwachidule, ndi chithunzi cha magawo a ntchito chokhala ndi mawotchi.

Musayambe ndi kompyuta. Pitani kwa ogwira ntchitowo mukawafunse kuti gawo lawo limatenga masiku angati zikayenda bwino, nanga angati zikavuta. Buku la malamulo lisiyeni kaye pambali. Kwathu mlembi anati tsiku 1 mpaka 2, woyendera chikole 1 mpaka 3, ndipo komiti inkakumana kamodzi pa masiku 7.

Kenako mu UPPAAL aliyense mumujambulire automaton yake, ndiko kuti chithunzi cha magawo ake: fomu, mlembi, woyendera chikole, komiti. Alumikizeni ndi ma channel, njira zomwe ma automaton amapatsirana zizindikiro. Ikani wotchi imodzi, tinene x, yoyamba kuwerenga fomu ikangolandiridwa.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Guard, lamulo lomwe mumalemba pa muvi, imanena nthawi yomwe munthu waloledwa kuchoka pagawo, koma simukankha kuti achoke. Chomukankha ndi invariant, malire a nthawi omwe mumalemba pagawo lenilenilo. Mukaiwala kulemba kuti mlembi asapitirire masiku 2, UPPAAL idzalola fomu kugona pa tebulo lake mpaka kalekale, ndipo mudzayesa kuti pulogalamuyo yasokonezeka pomwe mwasokoneza ndinu. Ine zinandidyera madzulo athunthu.

Tsopano ifunseni UPPAAL mafunso. Loyamba likhale A[] not deadlock, kuti mudziwe ngati pali pomwe onse angangokhala kudikirana. Lachiwiri ndi lonjezo lenilenilo, loti nthawi zonse fomu ikamadikira x isapitirire 7: A[] (Fomu.ikudikira imply x <= 7). Musanadine batani lofunsira, tsegulani diagnostic trace, yomwe imaonetsa njira yomwe zinthu zayendera mpaka kulakwika, chifukwa yankho loti "ayi" palokha silikuthandizani.

Kwa ife yankho linali ayi, ndipo trace inaonetsa njira yake: mlembi masiku 2, chikole masiku 3, fomu nkufika komiti itangobalalika kumene. Pamenepo membala atha kudikira mpaka masiku 12 popanda amene wachita ulesi.

Tinasintha kuti ngongole zing'onozing'ono azivomereza mamembala awiri a komiti pasanathe masiku 2. Nditafunsanso, funso lija linadutsa, ndendende masiku 7. Yambani ndi mafomu awiri kapena atatu basi, chifukwa mukachulutsa mafomu ndi mawotchi kompyuta imalemedwa msanga. Ngongole zikuluzikulu tinangosintha lonjezo lake kukhala masiku 14.