Kutuluka ndi ana ang'ono pa holide yotentha

Mwafunsa kuti mungatuluke bwanji ndi ana a zaka 2 ndi 5 pa holide kunja kukutentha chonchi, ine ndimapanga motere.

Choyamba sankhani malo amodzi basi, paki kapena kosambira, osati kuzungulira tauni yonse ayi, ana amatopa msanga kenako ndi kulira kokhakokha. Chikwama longedzani usiku: madzi akumwa, zipewa, zovala zosinthira, matewera, mafuta oteteza khungu ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu ya mafutawo).

Nyamukani m'mawa, dzuwa limawotcha kwambiri kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko madzulo ndiye nthawi imeneyo khalani pamthunzi. Mafuta aja adzozeni musanatuluke, mubwereze pakatha maola 2 komanso akangotuluka m'madzi, makutu ndi kumbuyo kwa khosi anthufe timaiwala. Khanda losakwana miyezi 6 lisakhale padzuwa.

Kumadzi ndiye foni ikani m'thumba, mwana akhale pomwe mkono wanu ukufika chifukwa amamira mwakachetechete osakuwa n'komwe. M'galimoto musamusiye yekha olo mphindi ziwiri. Wamng'onoyo akayamba kutikita m'maso, bwererani kunyumba akagone.