Tsiku lotseka mpikisano si tsiku lomalizira kulemba

Alembi anzanga, pali cholakwa chimodzi chimene ndimachiona chaka ndi chaka mwa anthu amene ndimawathandiza pa ntchito yolemba nkhani zopeka. Akamva kuti mkonzi wa magazini kapena akuluakulu a mpikisano atseka kulandira nkhani pa tsiku lakutilakuti, amaliyesa tsikulo ngati lomalizira kulemba. Ayi ndithu. Limenelo ndi tsiku loti nkhani yanu ikhale itafika kale m'manja mwa eni ake, ndipo ntchito yonse iyenera kuwerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pamenepo.

Titenge chitsanzo cha Commonwealth Short Story Prize, mpikisano womwe udayamba mu 2012. Umatsegulidwa pa 1 Seputembala n'kutsekedwa pa 1 Novembala, kulowa kwake n'kwaulere, ndipo umafuna nkhani ya mawu pakati pa 2,000 ndi 5,000. Ndiye kuti muli ndi miyezi iwiri. Tengani kalendala, lembani chizindikiro pa 25 Okutobala, nenani mumtima kuti tsiku langa lotumiza ndi limeneli. Sabata yotsalayo musaiwerengere n'komwe, ndi yosungira zagwa mwadzidzidzi: matenda, kompyuta kufa, intaneti kuvuta. Tsopano bwererani m'mbuyo. Masabata awiri okonza nkhani, sabata imodzi yoti igone osaikhudza, ndiye zotsalazo ndi zolemba. Munthu wolemba mawu 300 patsiku amamaliza nkhani ya mawu 3,000 m'masiku 10 okha. Mawu 300 ndi tsamba limodzi chabe, ntchito yoti ngakhale wotanganidwa angathe asanagone.

Pa kulemba koyambako ndikupemphani chinthu chimodzi: pitani kutsogolo mpaka nkhani ithe. Ambiri amathera masiku asanu akupukuta ndime yoyamba, mapeto ake nkhani alibe. Dzina la munthu wa m'nkhanimo likakuthawani, ikani chizindikiro mupitirire. Chiganizo chikakana kukhala bwino, chisiyeni chomwecho. Nkhani yokhotakhota koma yofika kumapeto imakonzeka. Theka la nkhani, ngakhale likome chotani, palibe kumene mungalitumize.

Sabata yogoneka nkhani ija ndi imene anthu amaidumpha, chonsecho ndiyo imapindulitsa kwambiri. Mukangomaliza kulemba, maso anu amawerenga zimene zili m'mutu mwanu osati zimene zili papepala. Pakapita masiku asanu ndi awiri mumabwera ngati mlendo, n'kuyamba kuona kuti mayi amene anali ndi ana atatu patsamba lachiwiri wakhala ndi ana awiri patsamba lachisanu ndi chimodzi. Iwerengeni mokweza, ndi pakamwa penipeni. Pamene mpweya ukukutherani, chiganizocho chatalika. Pamene lilime likupunthwa, wowerenga adzapunthwanso pomwepo. Mawu a anthu oyankhulana m'nkhanimo amvereni bwino, mudzifunse ngati munthu wamoyo angayankhuledi choncho. Kenako perekani nkhaniyo kwa munthu mmodzi kapena awiri osakuopani, poti mutu umodzi susenza denga. Musawafunse ngati yakoma, chifukwa adzangovomera. Afunseni kuti ndi pati pamene anayamba kutopa, ndi pati pamene sanamvetse. Kawirikawiri mudzapeza kuti nkhani yeniyeni imayambira pa ndime yachitatu, ndipo ziwiri zoyambazo munkangotenthetsa dzanja. Zichotseni, ngakhale mtima uwawe.

Tibwere ku malamulo. Safunsa adadya phula, ndipo pano kufunsa kwake n'kuwerenga malamulo onse musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, kenako kuwawerenganso tsiku lotumiza. Akati mawu asapitirire 5,000, nkhani ya mawu 5,200 ikhoza kutayidwa osawerengedwa. Mipikisano yambiri imaweruza mosadziwa mlembi, choncho dzina lanu likaoneka pa nkhaniyo mwadzichotsa nokha. Ina simungatumizeko nokha: ku Caine Prize, yomwe idayamba kuperekedwa mu 2000, nkhani imayenera kukhala yosindikizidwa kale ndipo amene amaitumiza ndi wosindikizayo. Onaninso tanthauzo lawo la nkhani yosasindikizidwa, chifukwa akonzi ena amati nkhani imene munaiika pa Facebook yatuluka kale, pamene ena alibe nazo vuto. Ngati sananene za kaonekedwe ka tsamba, gwiritsani zilembo za Times New Roman za saizi 12, mizere yotalikirana kawiri, masamba okhala ndi manambala. Kalata yoperekeza ikhale yaifupi: moni kwa mkonzi, mutu wa nkhani, kuchuluka kwa mawu, ndi mizere iwiri yonena za inu. Musafotokozemo tanthauzo la nkhani.

Za ola lotsekera ndili nazo chisoni mpaka lero. Mlembi wina wachinyamata amene ndinkamuthandiza adalemba nkhani yabwino zedi, koma adadikira usiku womaliza. Ndinali naye pa foni akudina batani lotumizira, tsamba likungozungulira, iye akupuma mwamphamvu kumbali inayo. Litatseguka lidalemba kuti atseka. Iye ankawerenga nthawi ya kwawo, pamene eni mpikisanowo ankatsata nthawi ya dziko lina. Ntchito ya miyezi iwiri idadikira chaka china chifukwa cha mphindi zochepa. Onani bwino kuti ola lotsekalo ndi la nthawi ya kuti, ndipo mukatumiza dikirani imelo yotsimikizira kuti alandira, muisunge.

Khalani ndi kabuku kolembamo mutu wa nkhani, kumene mwaitumiza, tsiku, ndi yankho. Magazini ena amalola kuti nkhani imodzi muitumize kumalo angapo nthawi imodzi, ena amakana. Kumene amalola, ikalandiridwa kwina dziwitsani enawo tsiku lomwelo kuti mwaichotsa. Musanavomere kusindikiza, werengani mgwirizano kuti mudziwe ufulu umene mukupereka ndi utali wa nthawi yake. Ine sindilimbikitsa mlembi kupereka umwini wonse wa nkhani yake kwamuyaya, ndipo wosindikiza wofuna kuti inu mumulipire kuti nkhani ituluke muzimuyang'ana kawiri.

Yankho limachedwa, nthawi zina miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo lambiri limakhala lokana. Musayankhe mkonzi mokwiya. Ngati walembapo ndemanga, ngakhale mzere umodzi, ndiye kuti nkhaniyo anaiwerenga mofatsa, ndipo mudzamutumizirenso ina. Yokanidwayo iwerengeni kamodzi, konzani chimene mwaona, tsegulani kabuku kanu, muitumize kwina sabata yomweyo.