Mukapeza galimoto itaima m'kanjira ka njinga

Anzanga opalasa njinga mu Lusaka muno, makamaka pa Great East Road pomwe maminibasi amaima paliponse, musamadikire kufika pa bampala kuti mukhote. Mukadali patali cheukani, tambasulani dzanja lamanja, mulowe mumsewu pang'onopang'ono kuti wakumbuyo akuoneni msanga.

Podutsa siyani mpata woposa mita imodzi. Kuno timayenda kumanzere, ndipo galimoto zambiri chiwongolero chili kumanja, ndiye chitseko cha dalaivala chimatsegukira mbali yomwe inu mukudutsira. Ambiri amangochikankha maso ali pa foni. Yang'ananinso tayala lakutsogolo: likapendekera kumsewu, ndiye kuti akunyamuka, gwirani mabuleki.

Minibasi musayerekeze kuidutsa kumanzere ngakhale mpata uoneke. Ndiko kuli khomo la kondakitala, ndipo anthu amatsika osayang'ana, ena atabereka mwana. Kukangana ndi dalaivala n'kutaya nthawi, belu likwanira.

Kukada, nyale yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, chifukwa mukatuluka kuseri kwa galimoto yoima obwera kumbuyo amakuonani mochedwa.