Kuona lamulo lonse lomwe linayambitsa pulogalamu pa kompyuta

Mukalemba ps aux pa Linux, lamulo loonetsa mapulogalamu omwe akuyenda, mizere italiitali imadulidwa pomwe pathera windo lanu, ndipo chomwe chimasowa ndi chakumapeto, komwe nthawi zambiri kumakhala dzina la fayilo lomwe mukulifunalo. Vutoli limakula ndi mapulogalamu a Java, chifukwa classpath yokha (mndandanda wa malo omwe Java imafufuzamo mafayilo a pulogalamu) imatha kudzaza mizere ingapo, moti mapulogalamu atatu osiyana amaoneka ngati amodzi, ndipo munthu wopupuluma akhoza kuimitsa pulogalamu yosayenera.

Njira yachidule ndi kuwonjezera zilembo za w ziwiri, kulemba ps auxww kapena ps -efww, pakuti ziwirizo zimachotseratu malire a mzere.

Ngati mukudziwa nambala ya PID (nambala ya pulogalamu yomwe ikuyenda, imene ps imaonetsa), ine ndimakonda kupita kugwero lenileni, fayilo ya /proc/PID/cmdline. Apa samalani, chifukwa mawu a m'fayiloyi salekanitsidwa ndi mpata koma ndi chilembo chosaoneka cha NUL, choncho cat, lamulo loonetsa za m'fayilo, imawaonetsa ataphatikizana. Lembani tr '\0' ' ' < /proc/1234/cmdline, ndipo m'malo mwa 1234 muikemo nambala yanu. Musadalire /proc/PID/comm, imene imangosunga zilembo 15 za dzina.

Pa Windows, tsegulani Task Manager, pitani pa Details, dinani batani lakumanja la mouse pamutu wa ndandanda, musankhe Select columns, kenako muchonge Command line.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi chakuti pa Linux yambiri aliyense wolowa pa kompyutayo amatha kuwerenga mizereyi, choncho musamalembe password mu lamulo. Muiike m'fayilo yomwe mwaiteteza ndi chmod 600, lamulo lomwe limalola mwini fayilo yekha kuiwerenga ndi kuisintha.